Ng'oma ya Mwera Yomwe Inachedwa Kulira

Ana inu, musamaone ngati nyanja inali yosokonekera chonchi kuyambira kale. Makedzana mphepo zinali ndi ulemu. Mpoto unkabwera ndi mvula, mwera unkadikira kuti anthu akolole kaye.

Pa gombe la Chigumukire panali mkulu wina dzina lake Kadammanja, wosunga ng'oma ya mwera. Chigwereni mvula yoyamba, mwezi ukaoneka iye ankamanga mfundo pa chingwe. Mfundo zikakwana zisanu ankaimba ng'oma, anthu n'kukokera zombo zonse kumtunda. Ng'oma isanalire, aliyense ankatambasula thanga la chombo chake n'kuwoloka nyanja mtima uli m'malo. Zaka makumi atatu Kadammanja sanaphonyepo, ndiye mukudziwa, munthu akazolowera kulondola makutu amagontha.

Chaka china mvula inachedwa kugwa, n'kukatanso msanga. Mng'ono wake wa Kadammanja, Chikakwiya, anapakira mpunga m'chombo kuti akasinthanitse ndi makasu kutsidya. M'mawa wa ulendowo mkazi wa Chikakwiya, Nangondo, anafika kwa Kadammanja n'kugwada.

"Alamu, madzi akuzizira ngati m'chisanu. Dzulo pochapa zala zinachita kuuma gwa. Auzeni ang'ono anu asapite, ine sakundimvera."

"Mlamu, mfundo zili zitatu," anatero Kadammanja. "Werengani nokha."

Kunena zoona, kuzizirako nayenso anali atakumva m'mawondo. Koma kuimba ng'oma mfundo zisanakwane kunali ngati kunena kuti bambo ake ndi agogo ake, amene anamusiyira chingwecho, ankanama. Chikakwiya atabwera kudzatsazika anangofunsa kuti, "Achimwene, tipite?"

"Pitani. Mwera ukadali kutali."

Anapita amuna asanu ndi mmodzi. Dzuwa lili paliwombo, kum'mwera kunada bii. Mitengo ya pagombe inayamba kuwerama, mchenga n'kumalasa m'maso. Kadammanja anathamangira ng'oma ija, nkhalamba yonseyo, naiimba mpaka zikhato zinang'ambika. Nanga ikanathandiza chiyani? Chombo chinali pakati pa nyanja, ndipo mwerawo unali utafika kale. Anthu anangoona thanga likupendama, kenako osalionanso.

Anadikira masiku anayi. Nyanja sinabweze ndi mmodzi yemwe.

Maliro opanda mtembo ndi owawa, ana inu. Kadammanja anakhala kunja kwa siwa atazolika, akuyembekeza kuti mlamu wake amutukwana, mwina mtima ukanapepukako. Nangondo sanatukwane. Anatuluka, n'kukhala pansi pafupi naye.

"Ndamupha ndine," anatero Kadammanja. "Ndinamva kuzizira, koma ndinakhulupirira chingwe."

"Tonse tinkadikira kuti muimbe, alamu. Ngakhale amuna angawo anali nalo khungu lomvera mphepo. Chakudza sichiyimba ng'oma."

Mawu amenewo anatsala pakamwa pa anthu mpaka lero. Tanthauzo lake ndi lakuti tsoka silitumiza mthenga, siliyang'ana kuti mwezi uno ndi wanji, choncho munthu azikhala wokonzeka nthawi zonse. Masiku ano nyengo yasokonekera kuposa apo, mwera ukuwomba pamene wafunira. Ndiye ukamva wina akuti, "Mwezi uno nyanja siivuta, makolo athu ankawoloka," uyambe waviika dzanja m'madzi, uyang'ane kumwamba. Thupi likakana, tsitsa thanga. Kadammanja anakhala ndi moyo zaka zina khumi, ndipo m'mawa uliwonse ankamupeza pagombe akuyang'ana kutsidya.