Nyani Wapampando wa Tsiku la Mitengo

Kalekale, nyama zisanaleke kuyankhula, padangokhala Nyani. Kodi tili tonse? Chabwino, senderani pafupi, ndipo amene akufuna kuseka asekeretu, chifukwa kumapetoku mwina sadzaseka.

Nyaniyu ankakhala ndi mkazi wake Nangondo pamodzi ndi ana awo m'nkhalango ina yowirira. Kumtunda kunali misuku, pakati panali mibawa, ndipo kumadzi kunali mkuyu umodzi waukulu zedi. Mitengo imeneyi ndiyo inkasunga moyo wa Nyani, chifukwa pansi pankayenda Fisi, ndipo Fisi sadziwa kukwera mumtengo. Akangotulukira, Nyani ndi banja lake ankathawira m'mwamba n'kumamugenda ndi makoko a masuku. Fisi ankayang'ana kumwamba, dovu lili chuchuchu, mpaka khosi kuwawa. Kenako ankabwerera ndi njala yake.

Koma Nyani anali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala. Ankakonda kuomberedwa m'manja. Munthu akangomuyamika pang'ono, mutu unkaleka kugwira ntchito. Fisi anaiona nthenda imeneyi, ndipo anaisunga mumtima.

Itagwa mvula yoyamba, nthaka ikununkhira, mitengo itavala masamba anthete, Fisi anafika pansi pa msuku. Anakhala pansi mwaulemu, naomba m'manja ngati mkamwini.

"Achimwene, musandigende," anatero Fisi. "Ine ndinasintha. Masiku ano mtima wanga uli pa chilengedwe basi."

"Chilengedwe chake chiti, a Fisi?" anafunsa Nyani ali pa nthambi.

"Nkhalangoyi, achimwene. Mitengo, mitsinje, nyama zinzathu. Ana amasiku ano sadziwa kusamala zinthu zimenezi. Pakufunika tsiku lapadera chaka chilichonse, nyengo ngati ino, loti tizidzala mitengo ndi kuphunzitsa ana. Koma vuto ndi wapampando. Pakufunika wodziwa mitengo, wa mawu omveka, wa nkhope yoti alendo akaiona azingoti pano pali mtsogoleri. Ndayenda nkhalango yonse, ndamusowa."

Nyani anatsokomola pang'ono. Anadzikonza ubweya wa pachifuwa.

"Mwayang'ana bwinobwino, a Fisi?"

Fisi anakweza maso, nadzimenya pamphumi. "Kalanga ine! Bwana wapampando, mundikhululukire. Maso angawa akalamba."

Mawu akuti wapampando anamukomera Nyani mpaka kumchira. Tsiku lomwelo anakhazikitsa komiti, iye wapampando, Fisi wachiwiri wake. Anatumiza uthenga kwa Njovu kuti adzakhale mlendo wolemekezeka.

Ndiye Fisi anati, "Bwana wapampando, mwambo waukulu chonchi sungachitikire m'ziyangoyango za tchire lino. A Njovu adzaima pati? Nanga inu mukamadzayankhula, anthu adzakuonani bwanji, misuku yonseyi ikutchinga? Pakufunika bwalo."

"Ndimaganiza zomwezo," anatero Nyani, amene sanaganize chilichonse.

Nkhwangwa zinalira kumtunda. Gu, gu, gu! Misuku inagwa, masuku aawisi ali mbwee pansi. Nangondo anabwera akuthamanga, mwana ali kumsana.

"Bambo a ana, mwapenga kodi? Mukugwetsa mitengo yonseyi kuti mudzale ingati?"

"Umodzi," anayankha Nyani. "Koma udzadzalidwa ndi a Njovu."

"Nanga Fisi akatithamangitsa kumtunda kuno tidzakwera chiyani?"

"Iwe Nangondo, za chitukuko sungazimve. A Fisi ndi a komiti."

Tsiku linafika. Nyama zinadzaza bwalo, zitakhala pa zitsa za misuku. Ana a nyama anandanda kutsogolo, naimba nyimbo imene Nyani anawaphunzitsa:

Mtengo ndi mayi, ee!
Mtengo ndi bambo, ee!
Wodula mtengo, ee!
Mutu mulibe, ee!

Nyani ankagwedeza mutu, misozi ili m'maso, kuti ana amva phunziro. Kenako anaimirira kuti ayankhule. Anayankhula za mizu. Anayankhula za masamba. Anayankhula za agogo ake amene ankadziwa mtengo uliwonse ndi dzina. Mbande imene inkayembekezera kudzalidwa inafota ili m'manja mwa Gwape, iye akuyankhulabe. Pomaliza Njovu anaika mbandeyo m'dzenje, nakwirira. Nthungululu zinamveka. Potembenuka kuti abayibitse anthu, Njovu anaiponda ndi phazi lakumbuyo, n'kuisandutsa phala. Onse anaona, koma ndani angauze mlendo wolemekezeka kuti waponda mtengo? Fisi ndiye anaomba m'manja kuposa onse.

Chaka chinatha. Mvula yoyamba inagwanso, ndipo Fisi anabwera, ulendo uno pansi pa mbawa.

"Bwana wapampando, mbiri yanu yafika kutsidya. Koma pali dandaulo limodzi. A Njovu akuti chaka chatha anapsa ndi dzuwa, chifukwa pabwalo panalibe mthunzi."

"Zoona," anatero Nyani. "Panalibe ndi mtengo umodzi womwe. Anthu amakhala bwanji malo opanda mitengo?"

"Ndiye pakufunika chisakasa, bwana. Osati cha mapesi ngati cha pamaliro a mphawi. Cha mizati ya mbawa, ndi mipando yake ya mbawa."

"Ndimaganiza zomwezo."

Nkhwangwa zinalira pakati pa nkhalango. Gu, gu, gu! Mibawa inagwa, mbalame zikulira m'mwamba kufunafuna zisa zawo. Nangondo anaima patali, manja ali m'chiuno.

"Bambo a ana, mbande ya chaka chatha ija yafika pati? Ndikufuna ndikaikwere."

"Usandinyoze pamaso pa komiti."

"Sindikunyozani. Ndikuwerenga kothawira. Kumtunda kulibe, pakati pano kwatha. Watsala mkuyu."

"Mkuyu umodzi sutikwanira? Iwe umafuna kugona m'mitengo ingati?"

Tsiku linafika. Chisakasa chinali chokongola, ndisaname. Kukumba dzenje latsopano nyama zinachita nako ulesi, ndiye zinangofukula lakale lomwe lija, poti linali lofewa kale. Ana anaimba nyimbo yawo. Nyani anayankhula, ndipo ulendo uno anawonjezera mutu wa kusamala nyama zakutchire, Fisi akuvomereza ndi mutu ngati mkulu wa mpingo. Njovu anadzala mbande, napewa kuiponda. Anthu atayamba kudya, Gwape, amene anasankhidwa kukhala mlonda wa mbandeyo, anati alawe tsamba limodzi aone ngati ili yathanzi. Inalidi yathanzi. Anaimaliza yonse.

Chaka chinathanso. Mvula yoyamba inagwa, koma nthaka sinanunkhire ngati kale, madzi anangothamanga ofiira kupita kumtsinje. Nyani ndi banja lake anali atapanikizana mu mkuyu. Fisi anafika, nakhala pansi pake.

"Bwana wapampando, chaka chino dziko lonse limve. Pakufunika ng'oma. Ng'oma yoti ikalira kuno, a kuseri kwa mapiri adziwe kuti kuli a Nyani osamala chilengedwe."

"Ng'omayo tisema ndi chiyani, a Fisi? Mitengo inatha."

Fisi anangosisita thunthu la mkuyu ndi dzanja, pang'onopang'ono.

Apa Nyani anachita mantha, mantha enieni. Mu mkuyu umenewu ndimo anabadwira. Pa nthambi imene anakhalayo ndi pamene amayi ake ankamuchotsa nsabwe. Anayang'ana pansi, naona mano a Fisi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti manowo sanafupike ndi ukomiti.

"Mkuyu ayi, a Fisi," anatero ndi mawu otsika.

"Palibe kanthu, bwana," anayankha Fisi akudzisansa fumbi. "Mwatopa, tikumvetsa. Udindo ndi wolemera. Ndikauza a Pusi, poti akhala akuufuna mpandowu. Amayankhulanso bwino a Pusi, ena amati kuposa inu. Ine ndimawatsutsa, koma ndili ndekha."

"A Pusi? Kamunthu ka nkhope yakuda kaja kakhale pa mpando wanga wa mbawa?"

"Kadzaomberedwa m'manja ndi a Njovu."

Mantha aja anasungunuka, m'malo mwake munalowa nsanje. Nyani anatsika.

"Bweretsani nkhwangwa. Ndiyamba ndine."

Nangondo sanakuwe ulendo uno. Anabereka wamng'ono, nagwira enawo pamkono.

"Bambo a ana, ine ndikupita kumatanthwe a kuphiri. Kulibe masuku, kulibe nkhuyu, koma Fisi safikako. Tiyeni tipitire limodzi. Ndakupemphani."

"Wapampando athawe mwambo wake? Anthu adzati chiyani?"

"Adzaomba m'manja," anatero Nangondo, misozi ikutsika. Ananyamuka ndi ana, osacheukanso.

Nkhwangwa zinalira kumadzi. Gu, gu, gu! Mkuyu unalimba, unakana, koma potsiriza unagwa, nthaka n'kugwedezeka. Anasema ng'oma yaikulu yoti mbidzi n'kugonamo.

Tsiku linafika. Ng'oma inalira, ndipo inamvekadi kuseri kwa mapiri, poti panalibenso mtengo woitchinga. Ana anaimba. Nyani anayankhula kuposa zaka zonse, mpaka mawu kusasa. Njovu anadzala mbande m'dzenje lomwe lija, natsanzika msanga, akuti akukadzalanso ina kwina. Mbandeyo inaima yokha pakati pa bwalo, yofika m'bondo, ya masamba owerengeka.

Njovu atazimiririka, Fisi anaimirira.

"Bwana wapampando, amayi ndi abambo, chatsala chinthu chimodzi. Ndabwera ndi abale anga, akatswiri a zosamala nyama, kuti apereke phunziro."

Afisi anatuluka kuseri kwa chisakasa, nazungulira bwalo. Nyani anawaombera m'manja.

"Phunziro lake ndi lalifupi," anapitiriza Fisi. "Nyama zisamachuluke kuposa mitengo, chifukwa nkhalango imavutika. Ndiye ife tafufuza. Mtengo ulipo umodzi. Nyama ndi zambiri. Tiyenera kuchepetsako."

Bwalo linaphulika. Nungu analowa kuuna. Nkhanga zinauluka. Gwape anadumpha mipando ya mbawa, fumbi lokhalokha. Aliyense anathawira kumene amathawira masiku onse.

Nyani nayenso anathamangira kumene amathawira masiku onse. Anathamangira kumtunda, kumisuku, napeza zitsa. Anakhotera pakati, kumibawa, napeza zitsa. Anatsetserekera kumadzi, napeza chitsa cha mkuyu, chachikulu, chosalala, ndi zipsera za nkhwangwa yake. Phiri linali kutali. Afisi sankathamanga n'komwe, ankangobwera akuyenda.

Pamenepo Nyani anakumbukira kuti m'nkhalango yonse mwatsala mtengo umodzi. Anabwerera pabwalo, wefuwefu, nafika pa mbande ija. Anaikumbatira ndi manja onse awiri, nakweza mwendo kuti akwere. Mbande inapindika mpaka pansi. Anayesanso. Inapindikanso. Anayesa kachitatu akulira, akuitana Nangondo.

Fisi anafika, nakhala pansi mwaulemu, naomba m'manja.

"Tsikani, bwana wapampando," anatero. "Muthyola mtengo. Mwaiwala zimene ana aimba?"

Zimene zinatsatira sindikuuzani, mungalephere kudya. Nangondo anamva kukuwa ali pamwamba pa thanthwe, natseka makutu a ana ake. Analira, chifukwa ngakhale anali chitsiru, anali mwamuna wake.

Chaka chotsatira mvula itagwa, Fisi anakhala wapampando. Analengeza mwambo wokumbukira malemu Nyani, ngwazi ya chilengedwe. Anayankhula mogwira mtima, napukuta maso. Njovu anabwera, nadzala mbande m'dzenje lomwe lija. Anyani okha ndiwo sanapite, ndipo mpaka lero mukawaona atakhala pa matanthwe akuyang'ana kuchigwa, nkhope zili ndwii, dziwani kuti akuyang'ana kumene kunali nkhalango yawo.

Ndiye mverani, inu amene mumavala zoyera kukadzala mbande imodzi pamaso pa alendo. Kusamala nkhalango n'kusiya mitengo imene ilipo kuti iime. Nyimbo, ng'oma ndi malankhulidwe sizibweza mtengo umene wagwa, ndipo mbande ya lero singakupulumutseni lero. Komanso amene akukuomberani m'manja kwambiri, muzimuyang'ana m'kamwa.

Nthano yanga yathera pamenepa. Thamangani mukaphule mbatata, ingapserere.