Moyo wa Mwandida ndi Mpando Umodzi

Kalekale, komatu osati kale la mauta ndi mivi ayi, kale lomweli la magetsi ndi galimoto, pachipatala china chachikulu cha mumzinda panali madokotala atatu achinyamata: Ndaziona, Fatsani ndi Akuzike. Sukulu ya udokotala anaiyambira limodzi n'kuimalizira limodzi, ndipo pobwerera kudzaphunzira ukatswiri anali adakali mabwenzi a ponda apa m'pondepo. Koma ukatswiri ndi mphambano, munthu sayenda njira ziwiri. Fatsani anasankha mpeni, kuti akhale dokotala wa opaleshoni. Akuzike anasankha zithunzi za ekisire ndi sikani, zoonera m'kati mwa munthu osamung'amba. Ndaziona anasankha ntchito yogoneka odwala pa nthawi ya opaleshoni ndi kuwadzutsanso.

Njira ya Ndaziona inamuonetsa zakuda. Malume ake atamva anagwira pakamwa.

"Zaka zonsezi m'kalasi kuti ukakhale wogonetsa anthu tulo? Imeneyo si ntchito ya mlezi?"

Ngakhale pachipatala pomwepo akuluakulu a opaleshoni sankavutika ndi dzina lake. Ankangoti, "Wa tulo uja ali kuti?" Iye ankangomeza mate, koma mumtima munkawira.

Tsiku lina pachipatalapo panabwera mwana wamkazi dzina lake Mwandida, wa a Chigwenembe, osoka nsapato pamsika. Thupi linali moto, mimba ili gwa ngati ng'oma. Dokotala wamkulu wa ku wodi ya ana anati ndi malungo ouma mutu, angoonjezera jakisoni.

Akuzike ndiye anamujambula mwanayo. Pachithunzipo anaona kampweya pamalo pamene mpweya suyenera kukhala, ndipo anathamanga nacho kwa wamkulu uja.

"Bwana, matumbo a mwanayu abooka."

"Iwe wokhala m'chipinda cha mdima, undiuze ine za mwana amene sunamugwire n'komwe?"

Anamukalipira pamaso pa anamwino ndi ophunzira. Akuzike anali munthu wamanyazi, woti ukamukweza mawu amayang'ana pansi. Koma tsiku limenelo sanasunthe. Anaima pomwepo, chithunzi chili m'mwamba, mpaka wamkuluyo anavala magalasi n'kuona yekha.

Fatsani ndiye anagwira mpeni. Akatswiri a opaleshoni onse anali atapita kumsonkhano kutali, kusiya odwala m'manja mwa ophunzira. Atawaimbira foni anamuyankha mopanda chisoni: "Dikira tibwere. Akakufera patebulo mlandu ndi wako, ndipo maphunziro ako athera pomwepo."

"Nanga akafera pabedi ine ndikudikira, mlandu ukhala wa yani?" anafunsa Fatsani.

Foni inadulidwa. Iye anasamba m'manja, kutsegula mimba ija, kupeza mabowo, kusoka ndi kutsuka mafinya onse, pamene opaleshoni yotere anali asanaipangepo yekha chibadwire.

Nanga Ndaziona? Mpeni usanagwire ntchito, iye anali ataima pakhomo la fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, n'kumuletsa mnzakeyo.

"Mwanayu wauma ngati chikuni. Ndikamugoneka chonchi sadzukanso. Ayambe walandira madzi."

"Ndaziona, nthawi ikutha!"

"Ithe. Ine sindigoneka maliro."

Mtsempha umene unawakanika anamwino onse iye anaupeza, naika diripi, nadikira mpaka mtima wa mwanayo unayamba kugunda mwamphamvu. Atatero anamugoneka. Opaleshoni ili mkati magetsi anazima, jenereta nayo inakana kulira, ndipo makina opumitsa mwanayo anangoti zii. Fatsani anapitiriza kusoka ndi kuwala kwa pawindo. Ndaziona anagwira chibaluni cha mpweya n'kumachifinya ndi dzanja, kumupumira mwana wa eni, chala cha dzanja linalo chili pakhosi pake kumvetsera mtima. Mwadzidzidzi mtimawo unatayika.

"Chotsa manja, Fatsani!" anakuwa Ndaziona.

Anabaya mankhwala, kukanikiza kachifuwa kaja, kufinya chibaluni, kukanikizanso, mpaka pansi pa chala chake panayambanso kugunda. Opaleshoni itatha sanachoke pambali pa bedi kufikira Mwandida anatsokomola n'kulira kuitana amake. M'mawa mwake zala za Ndaziona zinali zitauma, moti kapu ya tiyi inamupulumuka.

Mwana anachira. Tsiku lotuluka a Chigwenembe anabwera ndi tambala m'khwapa ndi nsapato zachikopa zosoka okha. M'khonde anakumana ndi Ndaziona ndipo anamugwadira pang'ono.

"Pepani anesi, adokotala aja anapulumutsa mwana wanga ndiwapeza kuti?"

Ndaziona anawayang'ana, nayang'ana Mwandida amene anabisala kumbuyo kwa bambo ake ngati waona mlendo. Akanamudziwa bwanji? Nthawi yonse imene Ndaziona ankalimbana ndi imfa, mwanayo anali m'tulo. Analoza chitseko cha Fatsani, nakalowa m'chipinda chosinthira zovala, kumene analira misozi yaukali.

Zikanathera pa tambala, nkhani sikanakhalapo. Koma maphunziro atatha atatuwo anakhoza mofanana, pamene chipatalacho chinali ndi mpando umodzi wokha wa katswiri watsopano. Awiri otsalawo anayenera kukadzionera okha kolowera. Tangoganizani, odwala ali mbwee mpaka pansi, koma mpando umodzi!

Mkulu wa maphunziro, a Pulofesa Nankhuni, amenenso anali munthu wa mpeni, anawaitanitsa pamaso pa akuluakulu anzawo.

"Mbiri ya mwana wa wosoka nsapato yamveka ponseponse," anatero. "Mpandowu tiupereka kwa amene anamupulumutsa."

Ponena mawuwa maso awo anali pa Fatsani. Apa m'pamene zaka zonse zomeza mate zinamukwana Ndaziona. Anaimirira osapatsidwa mpata.

"A Pulofesa, mundikhululukire. Mpeni umalowa bwanji m'mimba mwa mwana woti ali maso? Makina atafa, anamupumira ndani? Mtima utaima, anaubweza ndani? Kapena popeza ntchito yanga imachitika wodwala ali m'tulo, nanunso mwatsinzina?"

Fatsani nkhope inamugwa.

"Ukadamupumira mpaka chaka chamawa, achemwali, mabowo aja akanatsekeka okha? Ine ndinaika maphunziro anga onse pachiswe akuluakulu atandiletsa. Komanso iwe unandichedwetsa pakhomo."

"Kuchedwa kumeneko n'kumene kunamusunga!"

Akuzike anayankhula motsitsa, koma aliyense anamva.

"Inu nonse munalimbana ndi matenda amene ndinakuonetsani ine. Ndikanaopa kukalipiridwa, Mwandida akanafa ndi dzina la malungo, inu mukumwa tiyi. Tambala sindinamuone, ngakhale zikomo sindinamumve."

Akuluakulu aja anagawikana. A opaleshoni anaima ndi wawo, a zithunzi ndi wawo, ogoneka odwala ndi wawo, aliyense akukokera kwake. A Pulofesa anakanda m'mutu nati nkhaniyi aiganizirenso. Atatu aja anatuluka aliyense khomo lake, ndipo kuyambira tsikulo akakumana m'khonde ankangopatsana moni wa pamwamba. Mpando uja unakhala wopanda munthu, odwala akudikirabe pamabenchi.

Tsono mlanduwu ndautula kwa inu. Wina anaona chimene ena sanaone, nalolera kunyozedwa. Wina analimba mtima kung'amba pamene akulu ake anamuletsa. Wina anagwira mpweya ndi mtima wa mwana m'manja mwake, popanda womuona. Mukanakhala inu pabwalo limenelo, mpandowo mukanaupereka kwa yani: kwa Akuzike, kwa Fatsani, kapena kwa Ndaziona?