Nangozo ndi Ng'oma Yoitanira Mvula

Kalekale, mapiri akadayankha anthu, panali mudzi wina m'tsinde mwa phiri. M'mudzimo munkakhala mayi wina dzina lake Nangozo. Anali wokoma mtima, wamphamvu pakhasu, koma pakamwa pake sipankazizira. Akamasinja, ankalankhula. Akamatunga madzi, ankalankhula. Akasowa munthu, ankacheza ndi nkhuku.

Mwamuna wake, Dzoole, ndiye ankasunga ng'oma yoitanira mvula. Mwambo wake unali wotere: munthu akwere phiri m'mawa, aimbe ng'oma katatu, kenako akhale chete mpaka phiri liyankhe. Akalankhula phiri lisanayankhe, mitambo inkabwerera komwe yachokera. Akalephera masiku atatu, mvula ya chaka chimenecho inkapita kwa ena.

Chaka china dzuwa linakwiya. Chimanga chinafota, zitsime zinayamba kuphwa. Tsiku lokwera phiri litayandikira, Dzoole analumidwa ndi chinkhanira, dzanja n'kutupa ngati dzungu. Tsono ng'omayo inkamvera dzanja la anthu a m'nyumba ya Dzoole okha, ndipo m'nyumbamo munalibenso wina koma Nangozo.

Anthu atamva, anagwira pakamwa. "Basi, chaka chino tidya mizu," anatero.

"Akazi anga, kodi mudzatha kukhala chete?" anafunsa Dzoole.

"Ine? Chovuta n'chiyani pamenepo?" anayankha Nangozo. Ndipo anafotokoza za kuphweka kwa kukhala chete mpaka nkhuku zinalowa m'khola.

Tsiku loyamba anakwera phiri, ng'oma ili pamutu. Anakhala pathanthwe n'kuimba. Du. Du. Du. Anatseka pakamwa. Mitambo inayamba kusonkhana. Posakhalitsa kunabwera nyani, n'kutola chinangwa chimene Nangozo anatenga ngati kamba.

"Iwe wakuba iwe, amako sanakulange?" anakalipa Nangozo.

Mitambo ija inabalalika.

Tsiku lachiwiri anakweranso phiri. Anakhala pathanthwe n'kuimba. Du. Du. Du. Ulendo uno anadzimanga kansalu pakamwa. Mitambo inasonkhana, inada bii. Kenako m'munsi mwa thanthwe munadutsa amayi awiri otola nkhuni. Iwo sanamuone.

"Mwamva?" anatero mmodzi. "Mbuzi ya Nangozo ija yaswa ana awiri."

Nangozo anadziluma lilime. Anadzitsina ntchafu. Koma mawu anabowola kansalu kaja.

"Atatu!"

Mitambo ija inabalalika.

Potsika anadutsa m'munda mwake. Anagwira tsamba la chimanga, linangofumbutuka m'manja. Anafika kunyumba misozi ili chuchuchu.

"Amuna anga, ndapha mudzi," anatero. "Kwatsala mawa lokha. Pakamwa panga pandikanika."

Dzoole anamukhazika pamphasa. "Inu mukulimbana ndi pakamwa," anatero mofatsa. "Pasiyeni. Ntchito kuphiri kuja ndi ya makutu. Phiri limayankha motsitsa, wosafuna kulimva ndi amene salimva."

"Ndiye ndizimvera chiyani?"

"Yambani ndi ng'omayo. Itsatireni komwe mawu ake akupita."

Tsiku lachitatu Nangozo anakwera phiri. Kansalu anakasiya kunyumba. Anakhala pathanthwe n'kuimba. Du. Du. Du. Anatsinzina, n'kuwatsatira mawu a ng'oma aja. Anawamva akutsika chigwa, akuwoloka mtsinje wouma, akuchepa, akuchepa, mpaka zii.

Koma m'kati mwa zii mujamo munali zinthu. Anamva mpweya wake ukulowa ndi kutuluka. Anamva mphepo ikupesa udzu. Anamva chiswe chikudya kamtengo pafupi ndi phazi lake. Zaka zonsezi sankadziwa kuti chiswe chimamveka.

Nyani uja anabweranso. Nangozo anamva zikhadabo zake pamwala, anamva akutafuna, anangomwetulira. Mawu ankabwera pakhosi, iye n'kuwasiya adutse ngati utsi. Dzuwa linafika paliwombo. Iye ali phee, akumvetsera.

Ndipo pansi pa thanthwe panayamba kulira kanthu. Mmmm. Ngati njuchi m'mphako, koma kutali, kwakuya. Kulirako kunalowera kumapazi, kunakwera m'mawondo, kunadzaza chifuwa. Phiri linali kuyankha. Nangozo analandira nyimboyo osatsegula milomo. Mmmm. Phiri likatsitsa, iye ankatsitsa. Phiri likakweza, iye ankakweza.

Dontho loyamba linagwera pachikopa cha ng'oma. Lachiwiri linamugwera pamphuno. Kenako kumwamba kunatseguka.

Anatsika akutsetsereka m'matope, akuseka yekha. Kumudzi anapeza nthungululu zili pakamwa, miphika ili pabwalo kulandira madzi. Anthu anamuzungulira.

"Tiuzeni, a Nangozo, phiri linati chiyani?"

Nangozo anatsegula pakamwa, kenako anakweza chala. "Dikirani," ananong'ona. "Tamverani kaye."

Mudzi wonse unaima chete. Anamva mvula ikuimba pamadenga a udzu. Anamva nthaka ikumwa. Kudambo chule mmodzi anayambitsa nyimbo, anzake n'kuvomera. Dzoole ndiye anayamba kulephera kupirira. Analowa pakati pa bwalo, dzanja lotupa lili m'mwamba, n'kuyamba kuvina nyimbo ya achule. Nangozo anamutsatira, ndipo mudzi wonse unavina mpaka matope anafika m'mawondo.

Chaka chimenecho chimanga chinachuluka mpaka nkhokwe zinachepa.

Nthano yanga yathera pomwepa. Kafukuleni mbatata zija zisanapserere. Ukaitana, siya mpata woti akuyankhe.