A Bulashi Abweza Makiyi

A Bulashi anakhala m'nyumba ya khonsolo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Dzinali anawapatsa ndi anansi, chifukwa moyo wawo wonse ankapenta nyumba za anthu, ndipo ngakhale atapuma ntchito utoto sunkatha m'zikhadabo mwawo. Nyumbayo inali pansanjika yachitatu: zipinda ziwiri, khitchini yoti anthu awiri sangapatukiranemo, ndi zenera lalikulu loyang'ana kumsewu wa mabasi. Nyumba zotere khonsolo imapereka kwa anthu opeza movutikira, ndipo wolowamo amakalambira momwemo pokhapokha ataisiya yekha.

Masana onse a Bulashi ankakhala pazenerapo, tiyi akuzizira m'kapu, maso ali pamsewu koma mtima uli kutali. Ankalota ali maso. Ankaona khonde lalitali, nkhunda zikutera padenga, mzere wa mitengo ya malalanje, iwo akuponda udzu wamame opanda nsapato. Mkazi wawo ankaseka kuti anakwatiwa ndi mwamuna mmodzi koma amasamala awiri, wina wapampando, wina woyendayenda m'mitambo.

Tsiku lina mng'ono wawo, amene anali ndi malo kunja kwa mzinda, anaimba foni. Mkati mwa macheza anatchula kuti kanyumba kakuseri kwake kangokhala kopanda munthu, ndipo ngati achimwene atopa ndi masitepe akhoza kudzakhalamo. Anangonena mongodutsa, monga amachitira abale mtima ukakoma, koma mbewuyo inagwera panthaka yonyowa. Pofika m'mawa a Bulashi anali atakapenta kale kanyumbako m'mutu mwawo, makoma oyera, mafelemu obiriwira.

Mkazi wawo anawapempha kuti ayambe apita kukaona ndi maso, akakhale pansi ndi mng'ono wawoyo pamodzi ndi mkazi wake, za makiyi zibwere pambuyo.

"Mayi, mwana wobadwa naye bere limodzi angandinamize?" anafunsa a Bulashi.

"Sindikuti anama, bambo. Ndikuti m'kamwa mwa munthu simugonedwa."

A Bulashi anangomwetulira, n'kuvala jekete. Nyumbayo inali m'dzina lawo, choncho kuofesi ya zanyumba anapita okha. Kalaliki, mayi wamagalasi wolankhula modekha, anawafotokozera kuti akasaina adzakhala ndi masabata anayi oti asamuke, ndipo makiyi akabwezedwa sabwereranso, pakuti odikira nyumba ndi ambiri. Anawafunsa kawiri konse ngati kumene akupitako akuonako. Iwo anayankha kuti akukudziwa ngati chikhatho cha dzanja lawo, ndipo anasaina.

Anaimbira foni mng'ono wawo n'kumuuza kuti zatheka. Kenako anamva kuti, "Chabwino achimwene, tiona." Pa mawu onsewo a Bulashi anatolapo chabwino yekha.

Masabata anayiwo anadutsa ngati nkhungu yam'mawa. Anatsitsa zithunzi, namata mabowo a misomali. Lamulo linkangofuna kuti nyumba isiyidwe yaukhondo, koma iwo anapenta chipinda chilichonse mosathamanga, ngati akusambitsa khanda. Pafelemu la chitseko cha kukhitchini panali timizere ta pensulo tosonyeza mmene ana awo awiri ankakulira, ana amene tsopano anali ndi mabanja awo kutali. Mkazi wawo anaimirira pamenepo nthawi yaitali, chala chikukwera kamzere ndi kamzere, kenako anapatuka kuti bulashi idutse. Katundu atatuluka, zipinda zinaoneka zazikulu modabwitsa, ndipo munthu akatsokomola makoma ankamuyankha. Woyendera nyumba anabwera, anawerenga mamita a madzi ndi magetsi, anayamikira utotowo, nalandira makiyi atatu.

Lole inafika kwa mng'ono wawo dzuwa litapendeka. Mitengo ya malalanje inalipodi, khonde linaliponso, ndipo kwa kamphindi a Bulashi anaona ngati alowa wamoyo m'maloto awo. Koma pachingwe cha kutsogolo kwa kanyumbako panali patayanikidwa timalaya ta ana, ndipo pakhomo panaima mwana wamkazi wa mng'ono wawo, khanda lili kumsana. Banja lake linali litatha, ndipo anabwerera kwa makolo ndi ana atatu masiku ochepa a Bulashi asanasaine.

Mng'ono wawo anabwera akufinya chipewa m'manja, maso ali pansi.

"Ndinasowa poyambira, achimwene. Uyu ndi mwana wanga, inunso ndinu anga. Ndimati mwina abwererana ndi mwamuna wake inu musanafike."

A Bulashi anafunafuna mkwiyo mumtima mwawo koma sanaupeze. Akanatulutsa ndani, ana aja? Katundu anamulowetsa m'galaja, bedi n'kuliika pakati pa wilibala ndi matumba a chakudya cha nkhuku.

Lolemba anabwerera kuofesi kuja. Kalaliki anawazindikira asanakhale pansi, ndipo anavula magalasi ake. Anawauza mwachifundo kuti makiyi anaperekedwa kale kwa banja lina limene linadikira zaka zisanu ndi ziwiri likupanikizana m'chipinda chimodzi. Chimene akanatha kuwachitira chinali kuwapatsa fomu yatsopano, dzina lawo likayambire pansi pa mndandanda. A Bulashi anadzaza fomuyo pang'onopang'ono. Pamzere wofunsa kumene akukhala, cholembera chinaima nthawi yaitali m'mwamba.

Atabwerera anapeza mkazi wawo atagawa galaja pakati ndi nsalu, atasesa, ataika maluwa m'botolo pamwamba pa sutikesi. Sanawanyoze, sanawakumbutsenso chilichonse. Anangowalandira jekete n'kufunsa kuti ayenda bwanji.

"Atilemba, mayi," anatero a Bulashi. "Akuti tidikire."

"Tidikira limodzi, bambo. Khalani pansi, miyendo yatopa."

Mkuluyo anakhala pabedi, nayang'ana malata a galaja amene kuwala kunkadontha m'timabowo take ngati nyenyezi zamasana. Anatsinzina kuti alote, koma nthawi imeneyi chimene chinabwera chinali zipinda ziwiri zokha pansanjika yachitatu, anthu ena akusekeramo.

Akuluakulu sananame pamene anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.