Msewu Umene Torgeir Anakana Kulambula

M'chigwa chathu chonse, thirakitala yokankhira chipale chofewa inali ya Torgeir Haugland yekha, ndipo mwini wake ankadziwa zimenezo. Anali munthu wouma mutu. Akati toto, ngakhale abusa ankabwerera chimanjamanja.

Tsiku lina akudya buledi wa m'mawa, kunafika mayi wina wa boma wochokera ku Oslo. Anapempha kuti amulambulire msewu wopita kunyumba ya alendo ya pamwamba pa phiri. Kumeneko boma linkafuna kukhazika pansi akuluakulu a magulu awiri omwe ankaphana kudziko lina lakutali, kuti akambirane kopanda atolankhani.

Torgeir anakana. Anati nkhondo ya eni siimukhudza, ndipo kadziko ngati Norway kazingosamala nsomba zake.

"Ufa nawo mwano wakowo," anatero mkazi wake Ragnhild akuvala jekete. "Makiyi a thirakitala ali kuti?"

"Ukakaigwetsera m'ngalande usandiitane."

Sanaigwetse. Milungu itatu yathunthu Ragnhild ankalambula msewuwo m'mawa uliwonse, mwamuna wake akusuzumira pawindo mobisala. Pobwerako ankasimba kuti adani aja amavula nsapato pakhomo monga timachitira tonse kuno, ndipo mkulu wina wa asilikali, mapazi atauma ndi chisanu, anabwereka masokosi aubweya omwe Ragnhild yemweyo analuka. Kuopseza mnzako uli m'masokosi n'kovuta. Mapeto ake anasainirana pangano n'kubwerera kwawo. Torgeir anangoti thirakitala yake yatopetsedwa pachabe.

Patapita zaka zinayi, sitima yomwe mwana wawo Ingunn ankagwiramo ntchito yokonza injini inagwidwa padoko la dziko lomwe lija. Munali anthu a mayiko asanu ndi limodzi. Mayiko akuluakulu anaopseza, anakalipa pawailesi, koma kumeneko kunangoti zii. Torgeir anasiya kudya. Mantha anamugwira zedi, pakuti mwana anali yekhayo.

Ragnhild anaimbira mayi wa ku Oslo uja. Mayiyo anaimbira nduna ya kumeneko, ndipo ndunayo inali mkulu wa masokosi uja. Foni yomwe ena ankaimba osayankhidwa, iye anayankhidwa nthawi yomweyo. Pasanathe masiku atatu sitima inamasulidwa ndi anthu ake onse. Kuyambira pamenepo, mayiko akuluakulu aja akakhala ndi mlandu kuderalo amayamba agogoda ku Oslo.

Ingunn anafika kwawo ali bwinobwino, bambo ake n'kuyambiranso kudya ngati kale. Nyengo yachisanu yotsatira, mayi uja atabweranso ndi alendo ena okangana, anapeza msewu utalambulidwa kale mpaka pakhonde.

"Si nkhondo ya eni imeneyi?" Ragnhild anafunsa mwamuna wake yemwe ankatsika pathirakitala.

"Ndimangoyesa injini," anayankha Torgeir osamuyang'ana. "Masokosi ena uli nawo? Ndaona wina akunjenjemera."

Akale sananame: mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.