Nkhanga, Nkhono ndi Lamulo Lotentha Dambo

Nkhanga ndi Nkhono anali aphungu m'dziko la nyama, koma anasemphana pa nkhani ya moto. Dzikolo linali ndi nyumba ziwiri za malamulo. M'Nyumba ya Ambiri, mtundu wochuluka unkakhala ndi aphungu ochulukanso, ndipo Nkhanga, mayi waphuma, anali mmodzi wa iwo. M'Nyumba ya Mitundu, mtundu uliwonse unali ndi mpando umodzi, kaya njovu kaya chiswe, ndipo Nkhono wofatsa uja ankakhala mmenemo. Lamulo linkayenera kudutsa m'nyumba zonse ziwiri.

Chaka china Nsato inabisala m'udzu wa m'dambo, panjira ya kuchitsime, ndipo inameza anapiye awiri a Nkhanga. Kutacha, Nkhanga anaimirira m'Nyumba ya Ambiri maso ali gwa.

"Dambo lonse litenthedwe mawa," anatero.

Agwape, mbewa ndi mpheta anavomera nthawi yomweyo. Dzuwa lisanafike pamutu, Nkhanga anali atakatula nkhaniyo ku Nyumba ya Mitundu.

"Pepani ndi zovutazi, mayi," anatero Nkhono. "Koma moto ukabuka, inu muuluka. Nanga ine, a Bilimankhwe ndi a Bongololo tilowera kuti?"

"Ana anga adyedwa, bambo, inu mukuti ndifatse?"

"Mwambo umatipatsa masiku asanu ndi awiri, ndipo tikakhala chete lamulo limadutsa lokha. Ine ndikupempha atatu okha, ndikaone dambolo."

Nkhanga anaona kuti pa kayendedwe ka Nkhono, masiku atatu athera panjira. Mokwiya anamubereka kumsana n'kuthamanga naye. Atalowa m'udzu, anapeza tiana ta Kamba tikukwawa, ndipo chapatsogolo anaona una wakuya wa Nsato, woti moto sungafikemo. Kenaka anakumana ndi Nkhwali atafungatira mazira.

"Mawa kuno kupsa, achemwali," anatero Nkhanga. "Simunamve?"

"Ndimve bwanji ndili pamazira? Kupse kusapse, ine pano sindichoka."

Nkhanga anayang'ana mazirawo nthawi yaitali. Pobwerera anayenda pang'onopang'ono.

Nyumba ya Mitundu inakonza lamulolo. Inati dambo lisatenthedwe, koma njati ndi mvuu zipondeponde udzu kuti njira ya kuchitsime itakasuke, anyani azilondera ali m'mitengo, ndipo ntchitoyo iyambe mwezi ukaoneka. Lamulo litabwerera ku Nyumba ya Ambiri, Nkhanga anaimiriranso.

"Zonsezi n'zanzeru, kupatula chimodzi. Nsato sidikira mwezi. Ntchito iyambe lero."

Mawuwo atafika kwa Nkhono, iye anagwedeza tinyanga take. "Apa mayiwa atiposa nzeru," anavomera, ndipo nyumba zonse ziwiri zinagwirizana.

Madzulo ake njira inali itayera. Nsato inasowa pobisala, pakuti ikangosuzumira, anyani ankakuwa dambo lonse n'kumva. Njala itaipweteka, inasamukira kutali. Patapita masiku, Nkhwali anatsikira kuchitsime ndi anapiye khumi, ndipo Nkhanga anawaperekeza mpaka onse atamwa madzi.

Phunziro: Lamulo labwino limafuna wolifulumizitsa komanso wolifatsira. Wopwetekedwa ndiye amadziwa pamene pakuwawa, koma pamafunika wina wofunsa kuti mankhwalawo apweteka yani.