Gogomole ndi Kankhwangwa Konyezimira

Ana inu, mbalame ija imagogoda mitengo kuseri kwa munda, go-go-go, siidabadwe ndi mlomo umenewo. Idachita kuupeza, ndipo idaupezera pa chipika cha nkhuni.

Kalekale, mbalame zisadasiye kusonkha moto, zinkakhala m'midzi ngati ife. Zinkalima, zinkafulula mowa, ndipo kunsonga kwa mapiko kudali tizala togwirira khasu ndi nkhwangwa. Nthawi imeneyo Gogomole adali ndi kamlomo kakafupi, kofewa ngati ka mwana wa nkhunda. Adali wosalala, wokonda kudziyang'anira pa madzi a mumtsuko, ndipo kachisoti kake kofiira sankakavula ngakhale kumunda. Adakwatira mtsikana wina dzina lake Nachisale, mwana wa mayi Nkhwali, nakakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo.

Mayi Nkhwali sadali oipa mtima, koma mkamwini waulesi sankamusunga. Mkulu wake wa Nachisale adakwatiwapo ndi Pumbwa, ndipo Pumbwayo adagona pamudzipo miyezi itatu yokha. Mwezi wachinayi adapinda mphasa yake nabwerera kwawo. Nkhani imeneyi Gogomole ankaidziwa bwino.

Tsiku lina m'mawa mayi Nkhwali adaima kuseri kwa nkhokwe, poti mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso, nalankhula ndi mwana wawo mokweza kuti winayo amve.

"Nachisale, chimera chauma. Mkuja ndiyamba kufulula mowa woti anthu adzatithandize kupalira. Uwauze amuna ako kuti chipika cha muwanga chili kuseriko chisanduke nkhuni. Mowa sumapsa ndi tinthambi, umafuna nkhuni zowaza."

"Amva, amayi," adayankha Nachisale.

Kumva adamvadi, koma nkhwangwa adalibe. Choncho adasenza dengu la mawere, nawoloka dambo kupita kwa Nang'omba, mkulu wosula zitsulo. Adampeza akupopa mvukuto, khosi lake litafiira ndi kutentha kwa makala.

"Ndabwera kudzafuna nkhwangwa, bambo," adatero Gogomole atakhala pansi.

"Ya ntchito yanji, mwana wanga? Mukufuna kudula kapena kuwaza?"

"Nkhwangwa ndi nkhwangwa, bambo. Bola yakuthwa."

Nang'omba adaseka ndi mawu ake a pansi pa mmero aja. Adalowa m'chisakasa chake natulutsa nkhwangwa ziwiri, naziika pa chikopa. Ina idali yakuda bii, yolemera, ya masaya onenepa ngati mutu wa chule. Ina idali kakang'ono, kopyapyala, kotalikirapo, konyezimira moti Gogomole ataweramira adaona chisoti chake chofiira mkatimo.

"Kudula ndi kwina, kuwaza ndi kwina," adatero Nang'omba. "Kopyapyalaka ndi kodulira timitengo tatiwisi. Kamaluma mtengo cham'mbali. Yonenepayi ndiyo yowazira. Siidya mtengo ayi, imangolowa pamutu pa chipika n'kukankha mbali iyi uku, mbali iyo uko, mpaka chitseguke. Chipika chanucho ndi cha mtengo wanji?"

"Muwanga."

"Ndiye musavutike n'kusankha. Tengani yakudayi. Imikani mpini wake pansi muone ngati ukufika m'chiuno mwanu, kenaka muinyamule ngati mukufuna kumenya."

Gogomole adainyamula, ndipo idamukoka phewa. Adaiika pansi msanga, maso ake n'kubwereranso pa kakang'ono kaja.

"Nanga bambo, ndikadutsa pachitsime nditapachika chinthu chakuda chonchi paphewa, anthu adzati chiyani?"

"Adzati mukukawaza nkhuni."

Gogomole adanyamula kakang'ono kaja. Mumtima mwake ankadziona akulowa pabwalo la apongozi ake, kankhwangwa kakung'anima padzuwa, anzake a Nachisale akukodolana.

"Nditenga aka," adatero.

"Mawere ndalandira, nkhwangwa ndi yanu," adayankha Nang'omba, akubwerera pa mvukuto wake. "Yakudayi ndiikoleka pakhomopa. Njira mwaidziwa."

Pobwerera Gogomole sadadzere njira yachidule. Adazungulira kuchitsime, kumene amayi adasiya kutunga n'kumuyang'ana, ndipo mmodzi wa iwo, Timba, adafunsa ngati angakagwireko. Adafika kunyumba dzuwa lili pamutu, mtima uli mbee.

Madzulo ake adayamba ntchito. Adadula chipika chija pakati, ndipo kankhwangwa kadachita bwino ndithu, tizibanthu tikuuluka. Kenaka adaimika chidutswa chimodzi kuti awaze. Adakweza, natsitsa ndi mphamvu zake zonse. Kankhwangwa kadalowa mumtengo ngati mpeni m'dzungu, n'kukhala momwemo. Muwanga sudang'ambike ngakhale pang'ono. Adakoka, osatuluka. Adapondera ndi phazi, nagwedeza uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, mpaka kadatuluka. Adamenyanso, kadakaniriranso. Pofika dzuwa kulowa adali atawaza tinkhuni tinayi, toti sitingawiritse ngakhale madzi osamba.

Nachisale adabwera ndi chikho cha thobwa, nayang'ana tinkhunito, nayang'ananso kankhwangwa.

"Kodi kwa a Nang'omba kudalibe ina yonenepa?"

"Idalipo, koma yonyansa."

"Atate anga adali ndi yonyansa yomweyo. Ankangoti kamodzi, kawiri, chipika chili pawiri. Bwanji mawa mulawire mukasinthe?"

"Dzulo lomweli anthu andiona pachitsime ndi aka, mawa andionenso ndikukabweza? Ayi. Mawa kazolowera."

"Si dzulo, ndi lero," adatero Nachisale, akutenga chikho chake.

M'mawa mwake Gogomole adayambanso. Atamenya kachitatu, kankhwangwa kadamira kwambiri kuposa kale. Adakanikiza mpini ndi thupi lonse, ndipo adangomva kuti thyo. Mutu wa mpini udang'ambika. Chitsulo adachizula ndi mwala, koma msuka wake, kumchira kosongoka kumene kumalowa mumpini, sukadagwiranso pabowo long'ambikalo. Akati alowetse, chimagwa.

Pamenepo adakumbukira kuti patsindwi padali chigoba cha ulimbo umene mlamu wake ankakolera ziwala. Adautenga, napaka pa msuka mochuluka, kuti amatirire chitsulocho kumpini. Ali mkati mopaka, adamva kutsokomola kuseri kwa mpanda. Adali mayi Nkhwali, akubwera kudzaona nkhuni zawo.

Mpini wothyoka Gogomole adaukhalira msanga. Koma chitsulo akadachiika kuti? Pansi chikadanyezimira, ndipo zala zake zidali kale ulimbo wokhawokha. Mosaganiza, adalowetsa msuka uja mkamwa, naluma, natembenukira kumpanda ataphimba nkhope ndi mapiko, monga amachitira mkamwini waulemu.

Mayi Nkhwali adaima chapatali, nawonso atayang'ana kumbali.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Mmm," adatero Gogomole, akugwedeza mutu.

"Ntchito ikuyenda?"

"Mmm."

Mayi Nkhwali adakondwa. Pumbwa uja ankayankha mawu khumi pa funso limodzi, koma uyu adali wofatsa. Ndiye adakhala pansi pa mtondo wogwadika, nayamba kucheza. Adafotokoza za mwendo wawo umene unkawawa mvula ikamabwera. Adafotokoza za mowa wa chaka chatha umene udasasa chifukwa cha nkhuni zaziwisi. Adatchula mmodzimmodzi onse amene adawaitana kudzapalira, ndi amene sadawaitane, ndi chifukwa chake. Gogomole ankangoti mmm, mmm, dzuwa likumuotcha kumsana, ulimbo ukuuma mkamwa.

Potsiriza mayi Nkhwali adanyamuka. Podutsa pakhomo adauza mwana wawo kuti, "Amuna akowa ndi aulemu. Koma nkhuni sindidazione."

Atangochoka, Gogomole adati alavule chitsulo chija. Sichidatuluke. Adakoka ndi zala, osatheka. Adathamangira kwa mkazi wake akuloza kukamwa. Nachisale adamuyang'ana, chitsulo chili tolotolo pankhope, maso ali tuzu, ndipo adayesetsa ndithu kuti asaseke. Adalephera. Adaseka mpaka adakhala pansi. Atapukuta misozi adagwira chitsulocho, naponda phazi pachifuwa cha mwamuna wake, nakoka. Adathira madzi ofunda, adapaka mafuta a nsatsi. Chitsulo chidangoti nga.

"Tiyeni kwa a Nang'omba," adatero. "Tidzere kudambo, kuchitsime kuli anthu."

Nang'omba atawaona sadafunse zambiri. Adagwira chitsulocho, nachigwedeza, mutu wonse wa Gogomole n'kugwedezeka nawo.

"Chitsulo ine ndimachichotsa pamtengo ndi moto," adatero. "Koma apa mpini wake ndi mutu wanu, mwana wanga. Sindingauike pamakala. Kayeseni kugogoda pamtengo wouma, mwina chingagwedere."

Kenaka adatsitsa nkhwangwa yakuda ija pamene adaikoleka, naipereka kwa Nachisale.

Adafika kunyumba dzuwa litapendeka, ndipo mowa udayenera kuyamba mawa lake. Gogomole adalandira nkhwangwa yakudayo mwamanyazi. Nachisale adamulozera kamng'alu kamene kadali pamutu pa chipika.

"Atate ankamenya pomwe mtengo wayamba kale kutseguka. Musalimbane nayo, ingoikwezani, itsika yokha."

Gogomole adaikweza, naisiya kuti igwe ndi kulemera kwake. Muwanga udalira kuti kha. Adabwereza pomwepo, ndipo chipika chidagawika pawiri, mkati mwake muli mbuu, fungo la mtengo lili guu. Adaima kuyang'ana nkhwangwayo. Akadakhala ndi pakamwa akadalankhula. Adawaza, Nachisale akusanja, ndipo dzuwa lisadalowe mulu wa nkhuni udafika m'chifuwa.

Nkhuni zidapezeka, koma njala idamugwira, poti chiyambire m'mawa sadalawe kanthu. Kutacha, utsi wa mowa ukufuka pabwalo, iye adazemba napita ku mtengo wouma umene udali m'mphepete mwa munda. Adaukwera, nakakamira ndi zikhadabo, natsamira mchira, nayamba kugogoda. Go. Go. Go-go-go. Tizibanthu tidauluka. Kankhwangwa kamene kadakana kuwaza kadali katswiri pa kuboola. Adagogoda mwamphamvu, mwamsangamsanga, mpaka adafika pa mfundo yolimba. Apo chitsulo chopyapyalacho chidang'ambika m'litali, mbali ina pamwamba, ina pansi, ndipo kamwa lake lidatseguka.

M'bowo limene adaboolalo mudali mphutsi yonenepa, yoyera, ikudya mtengo. Gogomole sadafunse kuti ndi ya yani. Adaimeza. Adagogoda pena, napeza ina.

Phokosolo lidamveka mpaka pabwalo. Amayi amene ankathandiza kufulula adasiya mithiko nabwera, mayi Nkhwali ali patsogolo. Ulemu wosayang'anana uja adauiwala tsiku limenelo. Adayang'ana m'mwamba, naona mkamwini wawo ali ndi nkhwangwa pankhope.

"Nachisale, chawachitikira n'chiyani amuna ako?"

Nachisale adati ayankhe, koma Gogomole adayamba ndiye. Mawu ake adatuluka akuthwa ngati chitsulo.

"Amayi, ndidasankha nkhwangwa yolakwika. Dzulo lija mumalankhula nane, idali mkamwa."

Kenaka mayi Nkhwali adaphulika ndi kuseka, kuseka kwawo kokokera kuja, mpaka adagwira mtengo kuti asagwe.

"Ndiye mmm uja sudali ulemu?"

"Theka lake udali ulemu, amayi."

"Basi, theka likwanira. Nkhuni ndaziona, zikuyaka bwino." Adapukuta m'maso ndi nsalu, nayang'ananso mabowo a mumtengomo. "Mphutsi zimenezo zandithera mizati ya nkhokwe. Mukatha apo mubwere mudzaione."

Gogomole adatsika nakagogoda mizati ya nkhokwe ya apongozi ake, nachotsa mphutsi zonse. Anthu amene adabwera kudzapalira adaona, ndipo aliyense adayamba kumuitana, uyu ku nkhokwe, uyu ku mzati wa nyumba, uyu ku mtengo wa mango. Pumbwa adamva nkhaniyi ali kwawo, osakhulupirira kuti mkamwini angakondedwe chotero kwa mayi Nkhwali.

Chitsulo chija sichidachokenso. Chidamera pamodzi ndi fupa, chidada ndi dzuwa, kunyezimira konse n'kutha. Chaka chotsatira Gogomole adaboola nyumba yake mumtengo waukulu, yozungulira bwino pakhomo, yosadontha. Nachisale adaikira mazira m'menemo. Ataswa, Gogomole adasuzumira mwachangu kuti aone ngati ana atengera kamlomo kake kakale kofewa. Onse atatu adali ndi tinkhwangwa pankhope, ndipo wamkulu adali atayamba kale kugogoda khoma.

Ndi chifukwa chake lero gogomole amayenda ndi nkhwangwa yake kukamwa, ndipo amaboola mitengo yolimba imene mbalame zina sizingaikande. Koma mudzamuyang'anitsitse tsiku lina. Amagogoda tsiku lonse, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mabowo mbwee, ndipo palibe amene adamuonapo atawaza nkhuni ngakhale imodzi.